Chovala cha Mwezi Wowonjezera

Mumzinda wa Daegu madokotala a maganizo analipo ambiri, koma wotha kukuuza m'mawa, usanalawe kanthu, kuti udzafa, anali mmodzi yekha: Dokotala Pyo Man-seok. Ofesi yawo inali pamwamba pa sitolo ya magalasi a maso, m'nyumba yomwe chikepe chake chinafa kalekale. Munthu ankafika pamwambapo ali wefuwefu, mtima ukugunda kukhosi, ndipo a Dokotala ankati masitepewo amawagwirira theka la ntchito.

Ali mnyamata anapita ku Ulaya kukaphunzira za mankhwala a ubongo, koma anabwerako opanda mankhwalawo. Anabwera ndi jasi lakuda, chizolowezi chokhala duu nthawi yaitali, ndi chiphunzitso chimodzi chomwe anadyera moyo wawo wonse. Ankati nkhawa si matenda. Nkhawa ndi mlendo wogogoda pakhomo kudzakuuza kuti masiku ako ali ndi polekezera, kuti palibe adzakukhalire moyo wako, ndiponso kuti ukauwononga usaloze chala amayi ako. Mlendoyo ukamupatsa mapiritsi amagona pakhonde, mawa n'kugogodanso. Analemba mabuku atatu onena zomwezi, lililonse lonenepa kuposa linzake, ndipo anthu ankawagula n'kumawaika pamalo oti alendo awaone.

Chilimwe chimenecho ankathandiza bambo wina dzina lawo a Tak, amene anapuma ntchito kubanki n'kusiyiratu kugona.

"A Dokotala, tonsefe tidzafa, zimenezo ndikuzidziwa," anatero a Tak akupukuta thukuta la masitepe.

"Tonse ndani? Muno tilimo awiri."

"Chabwino. Ife awiri."

"Ine ndisiyeni, ndili ndi ondilira. Nenani za inuyo."

A Tak anayang'ana pawindo, nayang'ana nsapato zawo, nayang'ananso pawindo. "Ine ndidzafa," anatero potsiriza, ngati munthu wovomera mlandu kupolisi.

"Mwayamba kuchira. Tionane Lachinayi."

Ntchito yawo ankaidziwa a Pyo, pamenepo tisawamane. Anthu ambiri anatsika masitepe aja atapepukidwa, ena n'kukapepesa kwa ana awo, ena n'kukasiya ntchito zomwe ankadana nazo. Koma kunyumba kwa a Dokotala akazi awo, mayi Gil-ja, ankafa ndi khansa ya m'chiwindi, ndipo katswiri wa imfayo anali asanaitchule nkhaniyo ngakhale kamodzi.

Kuchipatala anawauza mosabisa, nthawi imene maluwa a m'misewu ankayoyoka. Dokotala wachinyamata anati matendawo afalikira, opaleshoni siithandiza, chisanu chikubwerachi mwina adzachiona mwina ayi. A Pyo anagwedeza mutu monga amachitira akatswiri okhaokha, anafunsa mafunso awiri anzeru, ndipo atatuluka panja anafunsa akazi awo ngati angakonde kukadya kulesitilanti. Kuyambira tsiku limenelo, munthu amene anakana kupatsa anthu mapiritsi moyo wake wonse anadzaza filiji ndi mizu ya mankhwala yotchedwa ginseng, msuzi wa mkunga wa m'mapaketi, ndi bowa wouma wochokera kumapiri amene ngakhale womugulitsa sankadziwa dzina lake. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Hye-rin, anakwatiwa ku Canada, ndipo akaimba foni ankamva kwa bambo ake kuti amayi akupezako bwino.

"Bambo a Hye-rin, ndikapita ine…" ankayamba motero mayi Gil-ja.

"Mupita kuti ndi dzuwa limeneli? Imwani kaye izi zisanazizire."

A Dokotala ankadziwa bwino lomwe chimene akazi awo ankafuna, poti ndicho iwo ankagulitsa kuofesi. Ankafuna munthu wokhala pansi, kuwayang'ana kumaso ndi kuvomereza kuti akufa, kuti asafe okha m'nyumba ya anthu awiri. A Dokotala ankadziwanso kuti nthawi yochitira zimenezo ikutha. M'mawa uliwonse pometa ndevu ankadziuza kuti lero, ndipo madzulo aliwonse ankapezeka akuwiritsa ginseng.

Chaka chimenecho kalendala ya makolo inali ndi mwezi wowonjezera, yundal, umene unagwera pakati pa kutentha kwenikweni. Mwezi umenewu mizimu siuwerengera, choncho ndi nthawi yochita zonse zoopsa: kusamutsa manda, kugwetsa khoma, kusoketsa chovala choikidwira m'manda. Amati wosoketsa chovala chake m'mwezi umenewu amakhalitsa. A Pyo anauseka mwambowu m'buku lawo lachiwiri, momwe anati ndi njira ya anthu yonenerera imfa ngati akugula nsomba pamsika.

"Mwezi uja wafika," anatero mayi Gil-ja tsiku lina akudya phala la mpunga, supuni zitatu basi. "Tipite kumsika wa Seomun tikasoketse zovala zathu."

"Zabwino kwambiri," anayankha a Dokotala ndi changu chimene chinawadabwitsa eni ake. "Munthu ayenera kuona chovala chake chomaliza akadali ndi maso. Komanso amati zimatalikitsa moyo."

"Amati ndani? Si inu munalemba kuti ndi zamkutu?"

"Ndinalemba ndili mwana."

"Munali ndi imvi kale." Mayi Gil-ja anakankhira mbale pambali. "Ine sindikusoketsa kuti ndikhalitse. Ndikusoketsa kuti ndivale."

A Dokotala ananyamuka kukaona ngati madzi awira, ngakhale pamoto panalibe kanthu.

Wosoka wake anali mayi Bong, mayi wonenepa wokhala m'kasitolo kakang'ono kumapeto kwa mzere wa nsalu, fani ikumuuzira kumsana. Anatambasula nsalu yachikasu yokhakhala patebulo n'kuyamba malonda asanawapatse n'komwe pokhala.

"Kuno si kwa aja amathamangitsa makina. Iyi ndi sambe yeniyeni ya ku Andong, yopanda nayiloni, imawola limodzi ndi mwini wake. Thumba mulibe, batani mulibe, mfundo mulibe. Ulusi ndimausiya lende, munthu apite osakodwa. Ayambe ndani?"

Zimenezi kuno ngakhale mwana amazidziwa. Chovala cha m'manda sachimanga mfundo, chifukwa mfundo imakola wopitayo, n'kumangozungulira pakhomo osapeza njira. A Dokotala anavula jekete, natambasula manja mokondwa ngati akuyezetsa suti ya ukwati.

"Muyeze bwino pamimba, mayi. Sindifuna kukafika kumeneko nditafinyika."

"Akufa sadandaula, bwana. Amadandaula ndi apongozi."

"Mukudziwa," anatero a Dokotala tepi ili m'khosi, "munthu amayamba kukhala moyo tsiku limene wavomereza kuti…"

"Tsitsani chibwano."

Anatsitsa chibwano, koma anamaliza ndithu chiganizocho, n'kuwonjezerapo zina ziwiri. Mtima wawo unali m'malo. Imfa yawoyawo anaizolowera kalekale, ankadya nayo mbale imodzi, ndipo tepi ya mayi Bong sinawaopse m'pang'ono pomwe.

Kenaka anaimirira mayi Gil-ja. Tepi inazungulira m'chiuno mwawo n'kutsala yambiri ikulendewera, ndipo mayi Bong, amene pakamwa pake sipankatsekeka, anangolemba muyesowo mwakabisira.

"Musasiye malo okulira," anatero mayi Gil-ja. "Sindinenepanso ine. Ndipo changacho muyambe ndicho, cha bambowa chikhoza kudikira."

"Ndikaone galimoto," anatero a Dokotala.

"Tabwera pa sitima, bambo a Hye-rin."

Koma iwo anali atatuluka kale. Anakaima pakati pa anthu ogulitsa mabulangeti, m'kutentha koteroko, n'kufunsa mitengo ya mabulangeti atatu osiyanasiyana mpaka akazi awo anawapeza.

Zovalazo zinabwera mwezi uli pakati, chilichonse m'kabokosi kake kathabwa lopepuka. Mayi Gil-ja anatsekula kawo, anasisita nsaluyo ndi chikhatho, nati ntchito ndi yabwino. A Dokotala anatsekula kawo n'kunena nthabwala ya mtundu wa nsaluyo. Kenaka anakwera pampando n'kuika timabokosi tonse tiwiri pamwamba pa kabati, kumbuyo kwa sutikesi.

Lamlungu masana mayi Gil-ja anagona tulo ta odwala, pakamwa pali yasa pang'ono, dzanja likulendewera pabedi. Kunja nyenje zinkalira ngati zalipidwa. A Dokotala anaima pakhomo la chipindacho kuwerenga mpweya wa akazi awo, ndipo pamene mpweya wina unachedwa kubwera, mantha anawagwira, mantha enieni, osati aja ankawafotokoza m'mabuku. Anakwera pampando, natsitsa kabokosi ka akazi awo, napita nako pabalaza.

Poyamba ankati angoona. Malaya ake anali aang'ono ngati a mwana wa sukulu. Kumapeto kwa mkono wa malayawo kunali kaulusi kolendewera, monga ananenera mayi Bong. A Dokotala anakayang'ana nthawi yaitali. Anali munthu wophunzira ku Ulaya, wosakhulupirira mizimu, wosapita kutchalitchi kapena kukachisi, amene pa mwambo wokumbukira bambo awo ankagwada chifukwa chongoopa achimwene awo. Anagwira kaulusiko ndi zala ziwiri, nakapinda, namanga mfundo. Anaikoka ndi mano kuti ilimbe.

Anapeza kuti akupuma bwino. Anapinda malayawo momwe anawapezera n'kubweza kabokosi pamwamba pa kabati.

Mawa lake anamanga mkono winawo, poti chinthu cha mbali imodzi sichioneka bwino. Tsiku lotsatira anamanga pakhosi. Kenaka siketi, kenaka timatumba tovala kumapazi, kenaka kansalu kophimba kumaso, kamene anakamanga maso ali kumbali. Inasanduka ntchito ya masana aliwonse: akabwera kuchokera kuofesi kudzadya, akazi awo akagona, iwo pampando. Sankadzinamiza kuti akukhulupirira. Akanakhala wodwala wawo amene akuchita zimenezi, akanamufunsa modekha kuti, "Mukumanga ndani, bambo?" Funsolo ankalimva ndithu m'mutu mwawo, m'mawu awo omwe, ndipo ankaliyankha ndi mfundo ina.

Lachinayi a Tak anakwera masitepe aja akuimba mluzu.

"A Dokotala, ndikugona ngati mwala. Ndagula malo a manda ku Chilgok, oyang'ana kum'mwera. Ndinakagonapo pang'ono kuti ndiyese, udzu wake ndi wofewa."

"Mwachita bwino."

"Ndipo ndakhala pansi ndi mayi akunyumba, takambirana zonse. Analira, nanenso ndinalira, kenaka tinakadya nyama yowotcha. Zaka zonsezi ndimaopa chiyani? Munanena zoona, kukhala chete ndiko kumapha munthu kawiri."

"Ndinatero?"

"Tsamba loyamba lenileni. Nanga mayi kunyumba ali bwanji? Ndinawaona pasiteshoni, achepa thupi."

"Ndi kutenthaku," anatero a Dokotala. "Akupezako bwino."

A Dokotala anawayang'ana a Tak, nkhope yawo yonona yogona tulo, ndipo anadana nawo ndi mtima wonse. Aka kanali koyamba kudana ndi munthu chifukwa choti wachira.

Mvula ya chilimwe inagwa sabata yathunthu, makoma n'kuyamba kununkha chinyezi. Tsiku limene dzuwa linatuluka, mwezi wowonjezera uli pafupi kutha, a Dokotala anabwera kudzadya masana n'kupeza mpando uli pafupi ndi kabati. Pabalaza, pamphasa yansungwi, chovala chonse chinali chitayalidwa kuti chiwombedwe mphepo. Mayi Gil-ja anakhala pambali pake atatsamira khoma, magalasi ali pamphuno.

"Mwakwera pampando nokha? Mukanagwa."

"Ndikanagwa ndikanafa," anatero mayi Gil-ja. "Khalani pansi, a Dokotala."

Dzina limeneli ankawaitana nalo pokhapokha zinthu zikavuta. A Pyo anakhala pansi, mawondo akulira.

"M'kabokosi mwanga mwalowa mbewa," anatero mayiwo. "Mbewa yake yodziwa kumanga mfundo."

"Mwina mayi Bong anaiwala."

"Mayi Bong anaiwala paliponse pali ulusi? N'kulumanso ndi mano? Taonani apa, dzino lanu lotsogola lija lasiya chizindikiro."

A Dokotala anayang'ana. Chizindikirocho chinalipodi.

"Inu mukudziwa kuti ine zimenezi sindizikhulupirira," anatero.

"Ndiye mwamangiranji?"

Munthu wa mabuku atatu, amene ankayankha mafunso a ophunzira a kuyunivesite asanamalize kufunsa, anatembenuzira nkhope kumbali. Kukhitchini mphika wa ginseng umene anautereka polowa unayamba kutokota.

"Anthu amakwera masitepe aja kudzakulipirani kuti muwamvere," anatero mayi Gil-ja, mawu ali pansipansi, osakwiya n'komwe. "Ine ndimagona nanu chipinda chimodzi, ndimakuchapirani masokosi, koma pamzere sindifika. Kuyambira tsiku la kuchipatala lija ndakhala ndikufa ndekha muno. Ndikati ndiyankhule, mundipatsa msuzi. Hye-rin mwamuuza kuti ndikuchira, ndiye akudikira tchuthi cha chaka chamawa. Tsopano mwaganiza zondimangirira pakhomo ngati galu, ndizizungulira nyumba ino mpaka liti? Ndatopa, bambo a Hye-rin. Ndikadzapita ndikufuna ndidzapite."

Anatenga singano pakansalu kamene anakabaya pachifuwa, nawapatsa.

"Masulani. Munamanga nokha."

Kumasula mfundo ya ulusi wa sambe ndi ntchito yosautsa, makamaka kwa nkhalamba ya zala zonenepa imene inakoka ndi mano. A Dokotala anavula magalasi, nawavalanso, nasendera kuwindo kumene kunali kuwala. Anayamba ndi siketi. Singano inawabaya kawiri mfundo yoyamba isanagonje. Mayi Gil-ja ankawapatsira chovala chimodzichimodzi, ndipo poti manja a amuna awo anali otanganidwa, miyendo itachita dzanzi, panalibe kothawira, anayamba kuyankhula.

Ananena kuti safuna kukafera kuchipatala ngati zingatheke. Ananena kuti Hye-rin aimbiridwe lero lomwe, ndipo womuuza akhale bambo ake. Ananena za mng'ono wawo wa ku Pohang amene sanayankhulane naye chimwalirire amayi awo, kuti abwere, koma asabwere ndi mwamuna wake. Ananena kuti mitsuko ya pakhonde ya kimchi, ndiwo zamasamba zowawasa zija, ipite kwa anthu odziwa kuisamala, osati kwa a Dokotala. A Pyo ankangoti "ee", maso ali pa ulusi, mfundo zikumasuka imodzi ndi imodzi.

"Ndipo ndikuopa," anatero mayi Gil-ja. "Masana sindiopa kwenikweni. Koma ndikadzuka inu muli mtulo, ndimaopa kwambiri."

Yankho lake a Dokotala anali nalo lokonzeka, lomwe analipereka kwa anthu mazanamazana: kuti mantha ndi mlendo, mutsekulireni chitseko. Linafika mpaka pamilomo. Analimeza, chifukwa linali laling'ono kwambiri pa mkazi amene anakhala naye chiyambire unyamata wawo.

"Sindikhala mtulo," anatero. "Ndimangotseka maso. Ndimawerenga mpweya wanu."

"Nthawi yonseyi?"

"Nthawi yonseyi."

"Ndiye tinali maso tonse awiri, aliyense akunamizira kugona. Anthu ophunzira inu."

A Dokotala anaika singano pansi. Anawayang'ana akazi awo kumaso, koyamba chichokere kuchipatala kuja, ndipo anaona mmene masaya analowera, ndi chikasu cha m'maso chimene ankachinamizira nyali ya pabalaza.

"Gil-ja," anatero, dzina limene anali asanalitchule chibadwire mwana wawo. "Ukufa. Ukufa, ndipo ine sindikufuna."

"Ee, ndikufa," anatero mayi Gil-ja. Anapuma mpweya wautali, mapewa n'kutsika ngati munthu wotula mtolo. "Mwachedwa kumva, a Dokotala, koma mwamva."

Analira a Pyo, kulira koipa kwa munthu wosazolowera, kokhala ngati chifuwa. Akazi awo anawasiya alire, n'kungosuntha malaya aja kuti misozi isagwerepo, poti sambe ikanyowa imachita mawanga.

Inatsala mfundo imodzi, yoyamba ija, ya kumkono wa malaya. Imeneyi anaimanga tsiku la mantha aakulu, ndipo inalimba ngati kanjere. A Dokotala anaitokosa ndi singano, anayesa ndi zikhadabo, anabwerera kuwindo, koma inakana. Mayi Gil-ja anaitenga nayesa nawonso ndi zala zawo zowonda mpaka anatopa.

"Munamanga ngati mukumanga sitima padoko."

"Ndikatenge sizasi. Ndingodula kaulusiko."

Anayamba kudzuka, koma mayi Gil-ja anawagwira dzanja. Anaiyang'ana mfundoyo kanthawi, akuipukusa pakati pa zala, pomwe panali chizindikiro cha dzino.

"Isiyeni," anatero. "Imodzi yokha singandibweze. Imeneyi ndipita nayo."

Anapinda mkono wa malayawo mfundo ili mkati, kuti odzawaveka asadzaione. Kukhitchini madzi anali ataphwera mumphika, ginseng n'kuyamba kupserera, fungo lake lowawa likudzaza nyumba yonse. A Dokotala analimva, koma sananyamuke.